Anangondigoneka pabedi n'kumandiyang'ana m'maso

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 58. Kwa milungu iwiri tsopano, ndikatembenukira kumanja pogona, denga limazungulira mpaka kumva nseru, koma posakhalitsa zimaleka. Ndamwa chidede poganiza kuti magazi achepa, osasintha. Kuchipatala sananditenge magazi. Anangondiyendetsa, kundigoneka pabedi mwadzidzidzi n'kumandiyang'ana m'maso. Kodi kumeneku n'kupima? Mayi wa ku Ntcheu.

Yankho: Mayi, anakupimani ndithu. Magazi akachepa, munthu amafooka ndipo amaona mdima akadzuka mofulumira. Denga lozungulira potembenuka pabedi, n'kuleka isanathe mphindi imodzi, kawirikawiri gwero lake ndi khutu.

Mkatikati mwa khutu muli timiyala ting'onoting'ono tothandiza thupi kudziwa kumene mutu wapendekera. Timiyalati tikasuntha n'kugwera m'kanjira kamadzi komwe si malo ake, mukangotembenuka timanamiza ubongo kuti mukuzungulira. Matendawa timawatchula BPPV.

Kukugonekani kuja ndi njira imene madokotala Margaret Dix ndi Charles Hallpike anaifotokoza ku London mu 1952. Timatembenuzira mutu kumbali, kukugonekani chagada mwachangu mutu utalendewera pang'ono kumapeto kwa bedi, kenako timadikira. Pakapita masekondi ochepa maso amayamba kugwedezeka okha, wodwala n'kundigwira mkono zolimba. Ine ndikaona zimenezi mtima umakhala m'malo, chifukwa ndadziwa khutu limene lili ndi vuto, ndipo ndi vuto lochizika. Kuyeza magazi sikungandiuze zimenezo.

Pokuyendetsani ankafuna kuona ngati vutolo silili muubongo. N'chifukwa chake timauzanso wodwala kuti aime mapazi ali pamodzi atatsinzina, kapena akhudze mphuno yake kenako chala chathu.

Simunanene ngati anabwezera timiyalato m'malo mwake. Ngati ayi, bwererani mukafunse za njira ya Epley: amakutembenuzani mutu ndi thupi pang'onopang'ono muli pabedi lomwelo, ndipo ambiri amapeza bwino popanda mapiritsi. Pakadali pano musakwere pampando kutsitsa zinthu, ndipo kuchitsime muzipita ndi wina.

Koma chonde, chizungulire chikakhala chosalekeza, lilime n'kulemera, pakamwa kupotoka, zinthu kuoneka ziwiriziwiri, mkono kufooka kapena miyendo kukana kuyenda, musadikire kuti kuche. Imeneyo ikhoza kukhala sitiroko, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.