Mlendo wachoka ndi kiyi: yankho kwa mayi wa ku Nchalo

Mayi wina wa ku Nchalo wanditumizira imelo. Ali ndi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yawo, momwe amagonekamo alendo a masiku ochepa, makamaka obwera kudzagwira ntchito ku minda ya nzimbe. Mlendo wina anachoka m'bandakucha ndi kiyi, wina ankalowetsa anzake usiku n'kumamwa mpaka tambala kulira. Akufunsa ngati ndi bwino kungosiya bizinesiyi.

Mayi, musasiye. Ku chigwa cha Shire kuno alendo sadzatha. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira yabweretsa antchito, ena amadzaona nyama ku Majete ndi ku Lengwe, ndipo madzi akasefukira, monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu 2023, a mabungwe othandiza anthu amafuna pogona. Chofunika kukonza msanga ndi nkhani ya makiyiyo.

Kiyi akapita ndi munthu, loko ameneyo musamudalirenso. Ambiri amathamangira kukadulitsa kiyi wina, kuiwala kuti woyamba uja akadali m'thumba mwa munthu amene akudziwa pomwe pali chitseko, nthawi yomwe mumapita ku tchalitchi, ngakhale dzina la galu wanu. Ndiye pa chitseko cha alendo ikani loko wopachika, woti mutha kumusintha tsiku lomwelo osaitana kalipentala, ndipo mkati mukhale mpiringidzo woti mlendo azidzitsekera akagona. Khalani ndi maloko angapo, muziwasinthasintha mlendo akachoka. Kiyi wa geti ndi wa nyumba yaikulu asachoke m'manja mwanu. Wofika usiku aimbe foni, inu kapena mlonda mumutsekulire. N'zotopetsa, inde, koma mumadziwa amene walowa mumpanda.

Palinso vuto lathu lakuno lomwe a ku Blantyre salimvetsa: kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kumafika madigiri 40 ngakhale kuposa, ndipo mlendo wotsikira ku chigwa kuno koyamba sangagone chotseka. Magetsi akazima, fani n'kuima, amatsekula chitseko n'kutulutsa matiresi pakhonde, foni ndi laputopu zili pambalambanda. Zikabedwa mlandu umagwera inu. Mawindo akhale ndi zitsulo zolimba kuti azigona ali otsekula, pabedi pakhale neti yopanda mabowo, ndipo ngati mungakwanitse, fani yoyendera batire kapena sola. Ine ndimaona kuti ndalama imeneyi imateteza katundu kuposa loko wodula.

Za ovuta aja, zambiri zimathera pa tsiku lofika. Onani chiphaso cha unzika, kapena pasipoti ngati ndi wochokera ku Mozambique kapena kwina, mulembe dzina ndi nambala m'kope, chiphasocho mumubwezere. Alipiriretu, ndi kachikole ka kiyi pamwamba, makamaka kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti umboni ukhalepo. Muuzeni pamaso, musanamupatse kiyi, nthawi yotseka geti, kuti chipinda n'cha anthu angati, ndi kuti anzake achezere pakhonde. Ife tinaleredwa kuti mlendo safunsidwa zambiri, ndipo manyazi amenewa ndi omwe amatipweteka. Koma uyu si mlamu wobwera kudzazonda matenda. Akulipira, ndipo munthu wabwino sakwiya ndi malamulo omveka.

Wina akaledzera n'kuyamba phokoso, musalimbane naye nokha usiku, ndipo musamulande katundu kapena kumutsekera m'chipinda chifukwa cha ngongole, mlanduwo ungakutembenukireni. Itanani mlonda, aneba kapena achitetezo cha m'mudzi. Akayamba kuopseza, imbani ku polisi. Kukacha, pamaso pa mboni, mubwezereni ndalama za masiku otsala, alongedze. A mfumu a dera lanu adziwiretu kuti mumagoneka alendo, kuti tsiku la mlandu musakayambire kufotokoza kuti anthuwa amatani pakhomo panu.