Funsani Azakhali: Ndatsala pang'ono kutsika basi ya alendo

FUNSO

Azakhali, ndikukulemberani ndili pa Chembe, ku Cape Maclear, usiku wachitatu wa ulendo umene ndinausungira ndalama chaka chathunthu. Ndine mtsikana wa zaka 24 wa ku Kasungu, ndimaphunzitsa sitandade 4, ndipo nyanja ndinali ndisanaionepo chibadwire. Sukulu zitatsekera ndinalipira ulendo wa pagulu wa masiku 7 pa basi ya kosita, ndinanyamula chikwama chimodzi chobereka kumsana ndi katenti kobwereka. Tilipo 19. Azungu ndi 8, ena onse ndi a mu Lilongwe ndipo zikuoneka kuti amadziwana kale.

Tinagona ku Senga Bay, dzulo tinaima pa Mua ola limodzi lokha, tinadzera ku Golomoti n'kufika kuno dzuwa litapendeka. Paliponse tikangotsika, wotitsogolera wayamba kale kuwerenga mitu kuti tizipita. Ine ndimakhala mpando wakumbuyo, pamwamba pa tayala, wocheza naye palibe. Ndalama nazo zikutha, poti boti, magalasi oonera nsomba ndi zakumwa zonse n'zolipira padera.

Koma chandipweteka kwambiri n'cha lero. Mnzathu wina wa kunja anandipempha kuti ndimumasulire kwa bambo wosema ziboliboli, ndiwauze kuti adule mtengo pakati. Nditanena, bambowo anandiyang'ana n'kuti, "Achemwali, ndi inunso?" Nsima yamadzulo sinatsike. Kuonjezera apo ndasambira pafupi ndi bango, ndiye ena akundiopseza za likodzo. Kodi nditsike pa Monkey Bay ndikwere minibasi yobwerera kwathu?

Mphunzitsi wa ku Kasungu

YANKHO

Mwananga, usiku womwewo ndinakuyankha pa foni mawu awiri okha akuti "usatsike ayi". Pano ndikufuna ndikuuze chifukwa chake, ndi ena amve nawo.

Ine ndinabadwira kwa Mpondasi, ndipo ntchito yanga yoyamba inali yophikira alendo pa maulendo ngati wakowu. Ulendo wanga woyamba, tsiku lachitatu lomwelo, ndinakabisala kuseri kwa mlambe n'kulira ndili ndi mthiko m'manja, chifukwa ndinkaona ngati aliyense ali ndi mnzake kupatula ine. Pa zaka zonse zimene ndayenda ndi magulu, ndaona kuti tsiku lachitatu ndi limene mtima umafuna kwawo. Tsiku loyamba umakhala ndi chimwemwe, lachiwiri thupi limayamba kuwawa ndi mabampu ndi kugona pansi, lachitatu wayamba kuwerenga ndalama ndi kuwerenga amene sanakupatse moni. Mawu opita kwa iwe ndi akuti zimenezi zimadutsa, koma sizidutsa ukangokhala pa tayalapo kudikira.

Ndiyambe ndi nkhani ya bambo osemawo, chifukwa ndi imene yakulanda tulo. Mtima wako sunalakwe kuwawa. Chiboliboli chimene mlendo amachitenga m'manja mphindi imodzi, munthu wachigoba masiku angapo, wachikwecha, wachipaka polishi wa nsapato kuti chiwale, ndipo kuyambira m'mawa angakhale asanagulitse kanthu. Kunenerera mtengo si tchimo, tonse timanenerera, osemawo amayembekezanso zimenezo ndipo mtengo woyamba amaukweza dala. Chimene chinawabaya ndi chakuti mawu owatsitsawo anatuluka m'kamwa mwa mwana wa kwawo. Ndiye mawa m'mawa uwafunefune, uwapatse moni wa manja awiri, uwauze kuti unali wotumidwa. Usachite kugula kanthu ngati ulibe. Anzako a m'basimo akadzakupemphanso kumasulira, uvomere, koma uwauze anzakowo poyamba kuti iwe umasulira mbali zonse: zimene wogula wanena, ndi zimene wogulitsa wayankha, kuphatikizapo akati mtengo umenewo ndi wachipongwe. Alendo ambiri amene ndayenda nawo akamva kuti chinthucho chinatenga masiku angati, amachita manyazi n'kulipira bwino. Chichewa chakocho ndi chimene azungu 8 aja alibe. Chigwiritse ntchito kuwatsegulira zitseko za anthu, chisakhale chikwanje chodulira mitengo ya katundu wa amphawi.

Tsopano za kuthamanga. Basi ya gulu siingasinthe, ili ndi anthu 19 ndi mtunda woti ithe dzuwa lisanalowe, ndipo wotsogolera akachedwa malo amodzi mumakafika usiku kwina. Usalimbane naye. Nthawi yako yeniyeni ili pakati pa 5 koloko ndi 7 koloko m'mawa, gulu likadali m'matenti.

Dzuka kusanache, uvale chitenje, utsikire kugombe. Magetsi aja unawaona usiku atandandalika pamadzi ngati mudzi wina, ndi asodzi a kauni, amene amakopa usipa ndi nyali n'kuuzinga ndi khoka lotchedwa chilimira. Nthawi imeneyo amakhala akubwerako. Uona bwato likukhudza mchenga, anyamata atazizidwa mpaka milomo yachita mbuu, amayi atandanda ndi mabeseni kudikira kuti mtengo wa lero utchulidwe. Uona usipa ukuthiridwa pa thandala, wina akuumwaza ndi dzanja kuti usaunjikane, ukunyezimira ngati wina wamwaza makobidi. Chapafupi mayi wina amakhala akukwecha poto ndi mchenga, mwana ali kumbuyo, ndipo ukagwada pambali pake n'kumuthandiza kutsukuluza mbale ziwiri, pofika nthawi ya tiyi ukhala utadziwa kuti mwera wavuta masiku angati ndi kuti nsomba ikupita pa ndalama zingati. Zimenezi palibe wakulipiritsa. Tsiku lotsatira utenge mmodzi wa anthu a m'basimo, usankhe amene amakhala chete ngati iwe. Basi iliyonse imakhala naye wotero, ndipo kawirikawiri amakhala akuganiza kuti wosungulumwa ndi iye yekha.

Mpando wa pa tayalawo uusiye. Uuze wotsogolera kuti anthu azisinthana malo tsiku lililonse, ndi mwambo wa maulendo ambiri ndipo sangakudabwe. Za ndalama umuuzenso mosabisa, akuuze zolipira zonse zimene zatsala kuti usankhe chimodzi. Ine ndikanakhala iwe ndikanasankha boti lopita ku chilumba cha Thumbi, zakumwa n'kuzisiya. Kumeneko ukaponya kachidutswa ka buledi m'madzi, mbuna za buluu ndi zachikasu zimakuzungulira mpaka kukhudza zala, ndipo anyamata a boti amaimba likhweru n'kuponya nsomba, nkhwazi n'kutsika mumtengo kudzaiwakha pamadzi iwe ukuona. Nyanjayi ili ndi mitundu yoposa 700 ya nsomba za mtundu wa chambo ndi mbuna, yambiri yosapezeka kwina kulikonse, ndipo n'chifukwa chake boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, bungwe la dziko lonse la UNESCO n'kuiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Chiphaso chako cha unzika chisachoke m'thumba, poti Mmalawi salipira mofanana ndi mlendo wa kunja polowa m'paki. Ukadutsa pa geti, upite ukaone manda a amishoni. Mishoni ya Livingstonia inayambira pomwepo mu 1875, malungo atawatha anthu inasamukira ku Bandawe mu 1881. Ana ako a sitandade 4 adzamva kuchokera kwa munthu amene anaima pamandapo.

Koma boti ulikwere m'mawa, ndipo uvale jekete yoyandamitsa ngakhale ena akuseke. Mwezi wa Ogasiti mwera umakhala usanatheretu, nyanja imene yagona ngati mphasa 7 koloko imatha kudzuka masana. Mwini boti akati lero sitipita, usamukakamize ndipo usalole anzako amukakamize ndi ndalama. Mukafika pa boma la Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, pali chikumbutso cha sitima ya Vipya imene inamira ndi mphepo mu 1946 n'kupha anthu 145. Ife a kuno timakula tikudziwa kuti nyanja siichitidwa makani. Pomwepo palinso mfuti ya pa sitima ya Guendolen, imene mu 1914 inawombera sitima ya Ajeremani kutsidya kwa nyanja nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Ngati akupatsani ola limodzi lokha pa boma, ulithere pamenepo ndi pa mlatho wa Bakili Muluzi, uone Shire akutuluka m'nyanja kulowera ku Malombe. Mu Shire musasambe, muli ng'ona ndi mvuu.

Likodzo liliko ndithu ku Chembe, sindikubisira. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi osaya, odekha, makamaka mwa bango ndi momwe anthu amachapira, ndipo timalowa pakhungu. Kusambira kamodzi sikutanthauza kuti wadwala, komanso kubwerera ku Kasungu mawa sikungachotse chimene chalowa kale. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma kumwa lero n'kutaya, chifukwa amagwira bwino tizilomboto tikakula. Pakatha masabata 6 mpaka 8 upite kuchipatala, uwauze kuti unasambira m'nyanja, akuyeze. Ukaona magazi mumkodzo kapena kutentha thupi usadikire masabatawo. Masiku atsalawa uzisambira ku miyala, kumene madzi ndi akuya ndiponso amayenda, ukatuluka uzidzipukuta msanga. Chimene ndikuopa kwambiri pa iwe ndi udzudzu: tenti uzitseka dzuwa lisanalowe.

Msewu wochoka ku Monkey Bay kudza kuno ku boma ndi wa makilomita 60 ndi kanthu, ndipo ndi umene ndimaukonda kuposa yonse. Ngati mudutsa pa Monkey Bay Lachinayi, yang'ana padooko, sitima ya Ilala imakhala itakocheza kukonzekera ulendo wa Lachisanu wopita kumpoto. Yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Ukhale pa windo la kumanzere. Milambe imayamba kuchuluka, nyanja imabisala n'kutulukiranso kuseri kwa migwalangwa, m'mbali mwa msewu muli mikeka, zipewa za mlaza ndi anyamata okweza chambo m'mwamba kuti basi iime. Cha ku Makawa ndi ku Namiasi uyamba kuona mizikiti pafupipafupi ndi kumva Chiyao. Ukatsika m'mudzi chitenje chikhale m'chiuno, zovala zosambira zithere kugombe, ndipo uwauze anzako a makamerawo kuti munthu sajambulidwa asanapemphedwe, makamaka amayi akusamba ndi ana. Ukakumana ndi agogo m'mawa, uwapatse moni wa Chiyao kuti "Ajimwiche uli?" Akaseka katchulidwe kako ndiye kuti akondwa, ndipo akuphunzitsa okha kayankhidwe kake.

Mukafika pa boma Loweruka undiimbire. Ndidzabwera pa wotchi paja ndi chambo chowamba chokulunga m'nyuzipepala, choti ukapatse amayi ku Kasungu, ndipo ndikufuna udzandiuze zimene bambo osema aja anayankha.

Azakhali anu, Mangochi