Achemwali a ku Mbare, dzinolo musalidikirire mpaka mudzachire

Mwati muli ndi pakati pa miyezi 5, nkhama zikutuluka magazi mukamatsuka, dzino lakumbuyo likuwawa usiku, ndipo apongozi akuti woyembekezera sazulitsa dzino. Apongozi akukufunirani zabwino, koma apa musawamvere. Dzino lobowoka silidzichiza lokha, ndipo likachita mafinya limavutitsa inu ndi mwana yemwe. Nthawi imene mulimoyi, kuyambira mwezi wa 4 mpaka wa 6, ndi imene madokotala a mano amaikonda, chifukwa mseru umakhala utachepa ndipo mimba siinakule moti n'kulephera kugona pampando wawo. Jakisoni wa dzanzi, kumata, kuzula, ngakhale X-ray ya dzino, zonsezi zimachitika kwa woyembekezera bwinobwino, bola muwauze miyezi yanu asanayambe.

Yambirani ku sikelo komwe mukupita, kaya ndi ku chipatala cha amayi oyembekezera cha Edith Opperman kapena ku polyclinic ina. Anamwino amatanganidwa ndi kuyeza BP, kulemera kwanu ndi kugunda kwa mtima wa mwana, nkhani ya m'kamwa imatha kutsala ngati simuitchula nokha. Nenani kuti akuoneni m'kamwa, alembe pa khadi, akuuzeni kwa dokotala wa mano kumene mungapite. Khadilo mupite nalo.

Za magaziwo musachite nazo mantha. Mahomoni a pakati amafewetsa nkhama, ndiye litsiro lochepa lokhala m'mphepete mwa mano limazitupitsa msanga. Ambiri akaona magazi amasiya kutsuka pamalopo, litsiro limachuluka, chiseyeye n'kukula. Tsukani kawiri pa tsiku, mphindi 2, ndi mswachi wofewa, kuupendeketsa pamene dzino lakumana ndi nkhama. Mankhwala otsukira akhale a fluoride, imene imalimbitsa mano; pa chubu yang'anani 1450 ppm. Mukatha lavulani basi, osachukucha ndi madzi, kuti fluoride itsale pa mano. Kakatulukira kotupa kofiira pakati pa mano, nthawi zambiri kamaphwera mukachira, komabe kaonetseni.

Mukasanza kapena chilungulira chikakwera, musathamangire mswachi. Asidi wa m'mimba amafewetsa chikutiro cha dzino, ndiye mswachi umachipala. Sungunulani tiyisupuni imodzi ya soda wophikira mu kapu ya madzi, chukuchani, lavulani, mudzatsuke patatha mphindi 30 kapena kuposa. Zoti mwana amayamwa kashiamu m'mano a mayi ndi zongokamba. Chimene chimabowola mano ndi asidi ameneyu pamodzi ndi kudyaidya: tiyi wa shuga wambiri, Mazoe, mafirizi, maswiti otsitsira mseru. Kapenta, lacto (mkaka wowawasa) ndi masamba ndiye zoyenera. Ngati mukulakalaka dothi, auzeni anamwino, chifukwa limapala mano komanso kawirikawiri limayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi.

Pa ululu imwani panado motsatira mlingo wa pa paketi, ndi kuchukucha madzi ofunda a mchere, theka la tiyisupuni mu kapu. Brufen ndi diclofenac ayi, makamaka kuyambira sabata ya 20 kupita m'tsogolo, amatha kusokoneza impso za mwana. Doxycycline ndi tetracycline nawonso ayi, amatha kudetsa mano a mwana amene akupangika kale m'mimbamo. Za m'misewu zogulitsidwa m'timapepala musayerekeze n'komwe, ndipo aspirini musamuike padzino, amawotcha nkhama. Ngati pafunika mankhwala opha tizilombo, dokotala alembe yekha.

Tsaya likatupa, thupi likatentha, kapena mukamalephera kuyasamula ndi kumeza, musadikire tsiku la sikelo, pitani tsiku lomwelo ku chipatala chachikulu cha Sally Mugabe, komwe ambiri timangoti ku Gomo, kapena ku Parirenyatwa. Mukakazulitsa mimba itakula kale, pemphani kapilo pansi pa chiuno chakumanja kuti mupendekere kumanzere, chifukwa kugona chagada nthawi yaitali kumachititsa chizungulire.