Filimu ya maola awiri, koma ine ndimafunamo mphindi zinayi zokha

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina amene wandilembera pa imelo, ndipo wapempha kuti dzina lake ndisalitchule. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Pali filimu ina imene ndaionera kangapo konse, mwina kupitirira ka 20. Nkhani yake ndimaidziwa ngati dzina langa. Chimene ndimafunamo ndi pamalo pamodzi pokha chakumapeto, pamene bambo ndi mwana wake amene anadana kalekale akumana pakhomo, onse awiri kusowa chonena. Amuna anga amandiseka, amati nyimbo imodzi sachezera gule, mafilimu atsopano ali mbwee. Ndiye poopa kuwatopetsa ndinayamba kumangodumphira pamalopo pa foni ndikakhala ndekha. Koma masiku ano ndikapaonera sipakundikhudzanso ngati kale. Kodi ndapakola? Nanga khalidwe lobwerezabwerezali ndi labwinobwino, kapena ndili ndi vuto?"

Mayi, ndiyambe ndi funso lomalizalo poti ndi losavuta. Vuto mulibe. Munthu akamabweza nyimbo imodzimodzi tsiku lonse palibe amene amamufunsa kuti bwanji ukumveranso pamene ukudziwa kale mmene ithere. Koma ikakhala filimu anthu amaitenga ngati uthenga wa pafoni: wamva, basi, dula. Inde, ilipo filimu imene ntchito yake ndi kungokuuza amene anapha munthu, ndipo ukamudziwa yatha. Yanuyo si ya mtundu umenewo. Mumabwererako monga mmene munthu amapitira kwa mnzake wakale, amene nkhani zake zonse anazimva kale koma akafika amakhalabe mpaka dzuwa kulowa.

Akatswiri a kaganizidwe ka munthu nkhani imeneyi anaifufuzapo. Mu 1968 Robert Zajonc anaonetsa anthu mawu opanda tanthauzo, zilembo zachilendo ndi zithunzi za nkhope, zina kamodzi, zina kambirimbiri. Zimene anaziona kambiri ndi zimene anazikonda kwambiri, ngakhale panalibe chifukwa china chilichonse chozikondera. Mu 2019 Ed O'Brien wa ku University of Chicago anafunsa anthu kuti alosere mmene angasangalalire atabwereza chinthu chimene angochichita kumene, monga kuonera filimu kapena kuyendera malo oonetsera zinthu zakale ndi zasayansi. Ambiri ankati ulendo wachiwiri ukhala wozizira. Amene anabwerezadi anasangalala kuposa mmene ankaganizira, makamaka chifukwa anapeza zambiri zimene zinawadutsa poyamba. Ndipo mu 2011 Jonathan Leavitt ndi Nicholas Christenfeld, ku San Diego, anapatsa anthu nkhani zifupizifupi zoti awerenge, ena atawaululira kale mathero. Owululiridwawo sanadandaule, ambiri mwa iwo ndi amene anakomedwa nazo kwambiri. Kafukufuku wina wa pambuyo pake anapeza zosiyanako, choncho musathamange kukaululira anzanu mathero a mafilimu n'kumati ndakutumani ndine.

Zoti ulendo wachiwiri umaona zimene zinakudutsa, ine ndine mboni. Inenso ndili ndi pamalo panga, m'filimu ina yakale: anthu ali pa tebulo, mkulu wa banja akulengeza kuti nyumba aigulitsa. Maulendo oyambirira maso anga ankakhala pa wolankhulayo, chifukwa ukamaonera koyamba umakhala pa ntchito, ukutola mawu kuti nkhani isakutayike. Tsiku lina, mwina ulendo wachisanu ndi chitatu, ndinangoona dzanja la mayi wokhala kumapeto kwa tebulo. Akupinda kansalu, akupindula, akupindanso, mpaka kakhala kakang'ono ngati bokosi la machesi, kenako akukabisa m'chikhatho. Palibe liwu limene amanena pamalo ponsepo. Kuyambira tsiku limenelo wolankhula uja sindimuyang'ananso. Kansaluko kanalipo nthawi yonseyi, ine ndi amene ndinali wotanganidwa.

Ndipo mwayi wotere ndi wa dzulodzuloli. Kwa zaka zambiri, filimu ikachoka m'nyumba yoonetsera kanema, pamalo pamene unapakonda pankangotsala m'mutu. Ukafuna kupaonanso unkagulanso tikiti n'kukhala pansi kudikira, kapena kudikira zaka kuti aionetse pa TV. Kampani ya Sony inatulutsa makaseti a vidiyo a Betamax mu 1975, ya JVC inatulutsa a VHS mu 1976, ndipo apa ndi pamene munthu wamba anayamba kutha kubweza filimu m'mbuyo ali m'nyumba mwake. Amene munagwirako makaseti amenewo mukukumbuka kuti tepi inkaulula yokha pamene anthu ankapakonda: pamalopo chithunzi chinkanjenjemera, mizere yoyera kudutsa, chifukwa tepi inali itaperepeseka ndi kubwezedwabwezedwa. DVD, imene inayamba ku Japan mu 1996, inabwera ndi mndandanda wa zigawo, umangosankha ndi rimoti. YouTube inayamba mu 2005, ndipo mu 2022 anaikamo kachizindikiro kokhala ngati mapiri pamwamba pa mzere wa vidiyo, koonetsa pamene anthu amabwerezapo kwambiri. Mukaona kaphiri kameneko mudziwe kuti anzanu a khalidwe lanuli ndi ankhaninkhani.

Tsopano funso lenileni: n'chifukwa chiyani pazizira?

Kukola kulipo ndithu, chinthu ukachibwereza pafupipafupi kwambiri chimayamba kusuluka. Koma ndikawerenga kalata yanu ndikuona china. Maulendo onse amene munkaonera filimu yonse pamalopo pankakugwirani. Pazizira kuchokera pamene munayamba kudumpha. Ine ndikuganiza kuti simunapakole, munangopadula ku mizu yake.

Pafupifupi zaka 100 zapitazo, ku Russia, wopanga mafilimu Lev Kuleshov anachita chinthu chimene mpaka lero amaphunzitsa m'sukulu za mafilimu. Monga anafotokozera wophunzira wake Vsevolod Pudovkin, anatenga chithunzi cha nkhope ya wosewera wotchuka Ivan Mosjoukine, nkhope yosaseka, yosalira, yongoti duu. Anailumikiza ndi mbale ya supu, kenako ndi mayi wakufa ali m'bokosi, kenako ndi kamtsikana kakusewera ndi chidole. Oonera anayamikira luso la wosewerayo: taonani mmene akuganizira za supu uja, taonani chisoni, taonani kumwetulira kwa chikondi. Chonsecho nkhope inali imodzimodziyo. Chisoni ndi chikondi chija anabwera nacho ndi oonerawo, atachitola pa chithunzi choyandikana nacho.

Pamalo panu paja ndi Kuleshov weniweni. Mwanena nokha kuti bambo ndi mwanayo sayankhula. Nanga chimene chimakulizani n'chiyani, anthu awiri atangoima pakhomo? Munthu amene sanaonepo filimuyo mutamuonetsa mphindi zinayi zimenezo akhoza kukufunsani ngati mawu azima. Kulemera kwa pamalopo kuli mu ola ndi theka limene lapita: pamene anakanganirana, kalata imene sinayankhidwe, nthawi imene munatsala pang'ono kutaya mtima kuti akumananso. Mumafika pakhomo paja mutasenza zonsezo, ndipo chete uja ndi pamene mumatulira. Mukadumpha mumafika manja lendelende, mulibe chotula. Masiku oyambirira zinkathekabe chifukwa katunduyo anali akadali m'mutu kuchokera ulendo womaliza. Pang'onopang'ono watha, mwatsala ndi anthu awiri ndi chitseko.

Palinso mbali ya ubongo. Mu 2011 Valorie Salimpoor, Robert Zatorre ndi anzawo ku McGill University, mumzinda wa Montreal, anapempha anthu kubweretsa nyimbo zimene zimawachititsa tsemwe, n'kumawaunika ubongo akumvera. Anapeza kuti dopamine, mankhwala a mu ubongo okhudzana ndi chisangalalo ndi kulakalaka, amatuluka kawiri: pamene nyimbo yafika pachimake, komanso masekondi angapo isanafike, munthu akudikira, ndipo mbali za ubongo zake ndi zosiyana. Kafukufukuyo anali wa nyimbo, osati mafilimu, koma aliyense wobwereza filimu amachidziwa chimenechi m'thupi mwake. Pamalo pako pakayandikira umasiya foni, umakhala bwino pampando, umauza mwana kuti takhala chete kaye. Kudikira kumeneko ndi theka la kukomako, ndipo amakumva ndi yekhayo amene akudziwa chimene chikubwera. Woonera koyamba alibe mwayi umenewu. Inu munali nawo, chala chanu chokokera vidiyo kutsogolo ndi chimene chakulandani.

Opanga mafilimu amazidziwa bwino izi. Kale m'mayiko ambiri anthu ankalowa m'nyumba ya kanema nthawi iliyonse, kuyambira pakati, n'kukhalabe mpaka filimu iyambirenso ifike pamene anaipezera. Mu 1960 Alfred Hitchcock atatulutsa Psycho analamula kuti ikayamba asalowenso munthu. Pamalo potchuka pa m'bafa, pamene mtsikana amaphedwa akusamba, anapajambula pafupifupi sabata yathunthu ngakhale pa sikirini pamatha mphindi zochepa, ndipo pamadalira kuti woonera akhale atayenda ndi mtsikanayo kuyambira pachiyambi, atakhazikika mtima kuti uyu ndiye mwini filimu. Ndipo tonse timadziwa kuti mwini filimu safa. Akafa filimu isanafike n'komwe pakati, woonera amasowa pogwira. Lero pamalopo pali ponseponse pa intaneti patokha, ndipo amene amapaona motero amaona luso la kamera ndi kulira kwa zingwe za vayolini, koma mantha aja sawapeza. Ndakuululirani, pepani, koma filimu ya 1960 mlandu ndilibe.

Sindikunena kuti kudumpha n'kolakwa nthawi zonse. Pali malo ena amene amaima paokha: ndewu yokonzedwa mwaluso, kuvina, nyimbo, galimoto zikuthamangitsana, nthabwala ya masekondi 30. Amenewo dumphirani mmene mungafunire, ine ndimatero pafupifupi sabata iliyonse ndipo sindichita nazo manyazi. Ali ngati chigoli cha mpira, chimakoma ngakhale masewerawo sunawaonere. Ngakhale chigolicho, funsani amene anaonera mphindi 89 mtima uli m'mwamba ngati chimamukomera mofanana ndi amene wangochiona m'mawa pa foni. Koma malo a kukumananso, kukhululukirana, kutsanzikana, kuulula chimene munthu anabisa zaka zambiri, amenewo amakhalira ngongole, amabwereka kwa zonse zimene zapita.

Ndiye mutani? Choyamba ipumitseni. Miyezi iwiri kapena itatu osapayandikira, ngakhale chala chikuyabwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukadzabwerera mudzaionere yonse, pa sikirini yaikulu imene muli nayo, mawu akumveka bwino, usiku umene palibe wokuitanani. Foni imameza zinthu zing'onozing'ono: kupuma kwa munthu, kulira kwa chitseko, diso likunyowa. Pamalo popanda mawu ngati panupo zing'onozing'onozo ndiye zonse.

Ngati maola awiri palibe, musayambire pakhomo penipeni. Bwererani m'mbuyo mphindi 20 kapena 30, pamene zinthu zili poipitsitsa, muyende nawo kuchokera pamenepo. Si chimodzimodzi ndi filimu yonse koma mumafika muli ndi kanthu m'manja. Ndipo mukafika yesani kuyang'ana kwina. Ngati nthawi zonse maso anu amakhala pa mwanayo, ulendo uno akhale pa bambo, pa manja ake, pa mapazi. Mvetserani pamene nyimbo ikuyambira ndi pamene ikulekera, chifukwa kawirikawiri misozi imabwera pamene nyimbo yasiya, ife n'kumaganiza kuti yabwera ndi nkhope. Ena amaopa kuti kusanthula kotere kupha kukoma. Kwa ine kansalu kaja sikanaphe kanthu.

Pali chinanso chimene sindingachidziwe ndili kuno, mukuchidziwa ndinu. Filimu sisintha koma woonera amasintha. Nthawi zina pamalo pamatigwira chifukwa pakukhudza bala limene tili nalo, ndipo balalo likapola pamalopo pamangokhala pabwino basi, osatinso pa ife. Ngati mutaipumitsa, n'kuionera yonse, n'kupeza kuti pakhomo paja mwadutsa maso ali gwa, sikuti chinachake chawonongeka. Mwina pa zaka zimenezi pali chitseko china chimene chinatseguka kapena chimene munasiya kuchidikira. Zikatero musaikakamize, mudzapeza pena.

Za bambo a kunyumbako, mwambi wawo ndi woona pa gule, koma inu simukuchezera gule, mukukaona mnzanu. Komanso ndikukayika ngati iwo alibe kawo kamene amabwereza, kaya ndi chigoli, kaya ndi ndewu ina imene amadziwa chibakera chilichonse. Afunseni mwaulemu. Ndipo funso lina ndi ili: filimu yanuyo anayamba aionerapo yonse atakhala pansi, kapena amangoidutsa akupita kukhitchini n'kuona anthu awiri ataima pakhomo? Ngati sanaionerepo, tsiku lodzaitsegulanso mudzawaitane, mafoni onse awiri akhale kuchipinda. Musawauze kuti pabwino pakubwera, musawagwedeze pa phewa. Pakhomo paja pakadzafika, inu mukupadziwa kale, mukhoza kuba kamphindi n'kuyang'ana nkhope yawo. Mudzandilembere zimene mudzaone.