Yankho kwa achimwene a ku Lizulu: vuto lili pakati pa Pi ndi modemu, lisiyeni la APN

Achimwene, mwafunsa zitatu: chifukwa chimene Raspberry Pi yanu (kakompyuta kakang'ono) yolumikizidwa ndi modemu ya SIM800 ikukanika kutumiza manambala a pampu ya sola, mmene mungaphunzirire PPP (njira yodutsitsira data ya intaneti pa chingwe cha serial) ndi ma serial link mozama, ndiponso kosi yoti mulipire. Za kosi ndisiyira ena. Ziwiri zoyambazo ndi nkhani imodzi, ndipo mzere umene mwatiikira uja, "LCP: timeout sending Config-Requests", ukunena kale koyambira.

Ena amene akuyankhani kuti musinthe SIM kapena APN (dzina lolowera pa data ya kampani ya foni) sanauwerenge mzerewu. PPP imayenda m'magawo. Choyamba modemu imayimba n'kuyankha CONNECT. Kenako LCP imagwirizanitsa mbali ziwirizo za kukula kwa paketi ndi njira yotsimikizira dzina. Kenako PAP kapena CHAP imatsimikizira dzina ndi password, ndipo pomaliza IPCP ndi imene imakupatsani adiresi ya IP ndi DNS (seva yomasulira mayina kukhala maadiresi). Pa modemu ya foni, amene Pi ikulankhula naye PPP ndi modemu yomweyo, imene ili masentimita ochepa kuchokera pa bolodi, osati nsanja ya netiweki. APN yolakwika nthawi zambiri imaonekera kumapeto, pa IPCP, kapena modemu imangodula. Inu mwaima pa LCP. Pi yatumiza pempho lake kangapo osamva yankho, ndiye kuti vuto lili pakati pa Pi ndi modemu: mawaya, liwiro, magetsi, kapena pulogalamu ina yagwira port.

Yambani ndi mavoteji, chifukwa apa m'pamene anthu amapsereza zipangizo. Mawu oti serial amabisa zinthu ziwiri zosiyana. RS-232 yeniyeni, ya pa pulagi ya DB9, imayenda pakati pa ma volt 3 ndi 15, mbali ya plus ndi ya minus, ndipo 1 ndi minus. Mapini a Pi amafuna 3.3V basi, a SIM800 amagwira ntchito cha pa 2.8V. Mukalowetsa RS-232 mwachindunji pa mapini a Pi, mwaipha. Pakati pamafunika kabolodi ka MAX3232 kosintha mavoteji. Ngati modemu yanu ndi ija yaing'ono yopanda DB9, musaiyandikize ndi adaputa ya 5V. TX (yotumiza) ya uku ipite ku RX (yolandira) ya uko, RX ku TX, ndipo GND (ground) ikhale imodzi. Waya wa GND ukasowa, zilembo zimabwera mwa apo ndi apo, nthawi zina zoyera nthawi zina zinyalala, ndipo munthu amayamba kukayikira pulogalamu pomwe vuto ndi waya mmodzi.

Pa DB9 ya kompyuta, pini 2 imalandira, 3 imatumiza, 5 ndi GND, 7 ndi RTS, 8 ndi CTS (awiriwa ndi ouzirana nthawi yotumiza ndi yodikira). Kompyuta ndi modemu zimalumikizana ndi chingwe chowongoka. Makompyuta awiri amafuna null modem, chimene chimapingasa 2 ndi 3, komanso 7 ndi 8. Kunja zingwe ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi, ndiye yesani ndi multimeter ndipo mumate chizindikiro.

Tsopano chimene ndikuchenjezani kwambiri: adaputa ya USB kupita ku serial. Musagule yosadziwika chip yake. Pamsika padzaza ma PL2303 achinyengo, ndipo Windows imawakana ndi Code 10 kapena uthenga woti chipyo inasiyidwa kuyambira 2012. Ena amagwira pa liwiro la 9600 koma mukakweza kufika 115200 amayamba kutaya zilembo, ndipo ena alibe n'komwe mawaya a RTS ndi CTS ngakhale mapini akuoneka. Adaputa yotere ndi yoipa kuposa yakufa, chifukwa mukalemba AT (lamulo loyankhulira ndi modemu) modemu imayankha OK, mumakhulupirira kuti chingwe chili bwino, kenako PPP imagwa popeza paketi iliyonse ili ndi FCS (nambala yofufuzira zolakwika) ndipo chilembo chimodzi chikasowa paketi yonse imatayidwa mwakachetechete. Funani ya FTDI kapena CP2102. CH340 nayo imagwira bwino pa Linux. Mitengo ya kwacha imasintha msanga, koma mwachidule CH340 imakhala cha m'ma dola 2 kapena 3, ya FTDI yeniyeni cha m'ma dola 10 mpaka 20, ndipo kuno muwonjezerepo za mayendedwe. Ya FTDI yotchipa modabwitsa muikayikire, nayonso ili ndi achinyengo ake. Mukapita kukagula ku Lilongwe nyamulani laputopu ndi kawaya. Lumikizani pini 2 ndi 3, tsegulani PuTTY kapena minicom (mapulogalamu olembera pa port ya serial), lembani chilichonse. Zimene mukulemba zikaoneka pa sikirini, ndipo zikasiya kuoneka mutachotsa kawayako, adaputayo ikutumiza ndi kulandira. Yesani pa 115200, ndipo muponyemo ndime yaitali, osati zilembo zitatu. Wogulitsa akakana kuti muyese, tulukani.

Pa Pi pali msampha wina. Port ya pa mapini imabwera itapatsidwa ntchito ya login. Lowani mu raspi-config, zimitsani login shell ya pa serial koma hardware port muisiye yoyaka, ndipo gwiritsani /dev/serial0. Pa Pi 3 ndi 4, UART (kachipangizo koyendetsa serial) yabwinoyo inapatsidwa Bluetooth, mapini anatsala ndi mini UART imene liwiro lake limadalira wotchi ya core. Kuika dtoverlay=disable-bt mu config.txt kumabweza yabwinoyo. Ngati ModemManager, pulogalamu ya Linux yoyang'anira mamodemu, ikuyenda, iimitseni, chifukwa imaponya ma AT ake pa port yomweyo pamene inu mukuyimba.

Musayambe pppd, pulogalamu yoyendetsa PPP pa Linux, modemu isanayankhe ndi manja. Mu minicom lembani AT, muone OK. AT+CPIN? iyankhe READY. AT+CSQ imapereka mphamvu ya netiweki ngati nambala ya 0 mpaka 31, ndipo 99 ndiye kuti sikudziwika. Kuti mupeze dBm, chulukitsani kawiri n'kuchotsa 113, choncho 10 ndi -93 dBm. Pansi pa 10 konzani mlongoti kaye, muutulutse m'bokosi lachitsulo la pampu. Kenako AT+CREG? ndi AT+CGREG?. Yankho la 0,1 ndiye kuti muli pa netiweki ya kwanu, 0,2 ikufufuzabe, 0,3 yakanidwa, 0,5 ndi roaming.

Nambala yomalizayi ndi yofunika kwa inu kuposa wa ku Kasungu. Pa Lizulu, Tsangano turn-off mpaka Biriwiri, msewu wa M1 ukuyenda m'malire enieni, ndipo modemu yosiyidwa pa automatic itha kukakamira nsanja ya ku Mozambique. Lembani AT+COPS=3,2 kenako AT+COPS? kuti muone manambala. Zoyamba ndi 650 ndi za Malawi, zoyamba ndi 643 ndi za Mozambique. Imangeni ndi AT+COPS=1,2,"65001" ngati SIM ndi ya TNM, kapena "65010" ngati ndi ya Airtel, ndipo mzerewu ukhale mu chat script (fayilo ya ma AT oyimbira modemu) kuti uziyenda nthawi iliyonse. Chipangizo chimene chimagwira masana n'kusowa usiku popanda amene wachikhudza, m'malire muno, yang'anani apa musanasule china chilichonse. Kumbukiraninso kuti SIM800 ndi ya 2G yokha. Foni yanu kuonetsa 4G yodzaza sikukuuzani kanthu za zimene modemuyo ikuona.

Zikatero ikani AT+CGDCONT=1,"IP","apn yanu" ndipo yimbani ATD*99#, kapena ATD*99***1#. Ikabwera CONNECT, port yachoka pa ma AT, yayamba kuyembekezera PPP. Mukaona zilembo zachilendo zodzaza ~ ndi }, musaope, imeneyo ndi PPP yeniyeni: ~ ndi 0x7E, malire a paketi, ndipo } ndi 0x7D. Kuti mubwerere ku ma AT, dikirani sekondi, lembani +++, dikiraninso, kenako ATH.

Koma pa SIM800 chimene chimagwetsa ambiri ndi magetsi. Imafuna pakati pa 3.4V ndi 4.4V, ndipo ikamatumiza imakoka mpaka 2A mwa kanthawi kochepa. Pini ya 3.3V ya Pi siingakwanitse, ya 5V ndi yochuluka kwa bolodi yopanda regulator. Chizindikiro chake ndi chomwe mwafotokozacho: ma AT onse akuyankha bwino, CONNECT yabwera, kenako zii. Modemu yazima n'kuyakanso, yabwerera ku ma AT, pamene pppd ikutumizabe LCP kwa amene sakumva. Mukaona RDY kapena Call Ready zikutulukira pakati pa ntchito, ndi zimenezo. Ipatseni batire ya 18650, kapena LM2596 (yotsitsa voteji) yoikidwa pa 4.0V, ndi capacitor ya 1000 µF pafupi kwambiri ndi mapini a modemu. Mawaya a magetsi akhale afupi ndi onenepa, osati timawaya ta breadboard.

Mu fayilo ya /etc/ppp/peers/ ikani port, 115200, noauth, noipdefault, defaultroute, usepeerdns ndi debug. Ngati mwalumikiza mawaya atatu okha, lembani nocrtscts, apo ayi Pi idzadikira CTS imene siidzabwera. Mangani liwiro la modemu ndi AT+IPR=115200 kenako AT&W, chifukwa autobaud (kudzisankhira liwiro) imasokonezeka modemu ikayakanso. Poyesa, onjezani nodetach kuti zonse zizioneka pamaso panu. Nambala imene pppd imatuluka nayo imathandizanso: 8 ndi chat script yalephera, 10 kukambirana kwalephera, 15 mnzake wasiya kuyankha echo, 16 modemu yadula, 19 dzina kapena password yakanidwa. Uthenga woti "not 8-bit clean" umaloza ku parity yolakwika kapena kuti CONNECT siinachitike n'komwe. Zikhale 8N1 (ma bit 8, popanda parity, stop bit imodzi) mbali zonse.

Pa funso la kuphunzira, njira yabwino ilibe modemu. Tengani makompyuta awiri a Linux, maadaputa awiri ndi chingwe cha null modem. Pa yoyamba lembani pppd /dev/ttyUSB0 115200 10.0.0.1:10.0.0.2 local noauth nodetach debug, pa yachiwiri chimodzimodzi koma mutembenuze maadiresi. Muona ConfReq ikutuluka, ConfAck ikubwera. ConfAck ndi kuvomera. ConfNak ndi kunena kuti chinthucho ndachimva koma sinthani nambala. ConfRej ndi kukana chinthucho kotheratu. Mukadziwa atatuwa, log iliyonse ya PPP imawerengeka. Kenako muziwononga dala, chimodzi pa nthawi. Ikani 9600 mbali imodzi. Chotsani GND. Lumikizani 2 ndi 3 pa chingwe chimodzi muone pppd ikunena kuti "looped back", chifukwa yazindikira magic number yake yomwe ikubwerera. Chotsani noauth, ikani require-chap, lembani password yolakwika mu chap-secrets. Yesaninso PAP muone kusiyana: PAP imatumiza password poyera, CHAP imatumiza challenge ndipo mnzake amayankha ndi hash ya MD5, password siyenda pa waya. Werengani RFC 1661 ya 1994 log ili pambali, makamaka gawo la ma state. SLIP, njira yakale imene PPP inalowa m'malo mwake, ya RFC 1055 ya 1988, muione tsiku limodzi lokha: ilibe kukambirana, ilibe kufufuza zolakwika, maadiresi mumalemba nokha. Modemu zakale za foni ya waya, za V.90 zija za 56k, zimatsata magawo omwewa, kungoti mumayimba ndi ATDT ndi nambala.

Mukapeza ma router akale a Cisco okhala ndi makhadi a serial a WIC-1T kapena WIC-2T, console yake ndi 9600 8N1 yopanda flow control. Serial yake imabwera pa HDLC ya Cisco, ndiye lembani encapsulation ppp mbali zonse ziwiri, ndipo clock rate ikhale mbali imene ili ndi nsonga ya DCE (yopereka wotchi), imene show controllers serial imakuuzani. Serial up koma line protocol down, kayikirani encapsulation, wotchi kapena CHAP, ndipo debug ppp negotiation ikuonetsani kuti ndi chiti. Pa CHAP, username ndi hostname ya router inayo, password ikhale yofanana.

IP ikabwera koma data osayenda, PPP yamaliza ntchito yake. Onani ip route. Ngati Wi-Fi kapena Ethernet ili kale ndi default route, pppd siichotsa ndipo imalemba zimenezo mu log. Kuona 10.64.64.64 ngati adiresi ya mbali inayo si vuto, pppd imangoiika modemu ikapanda kunena yake. Ping ya nambala ikamayenda koma ya dzina ayi, ndi DNS. Ping ikamayenda koma uthenga waukulu ukumata, yesani ping -M do -s 1472, muzitsitsa nambalayo mpaka idutse, muwonjezere 28, ndiyo MTU yanu, kukula kwa paketi yaikulu imene ingadutse. Pampu ili kutali ndi anthu, ndiye ikani persist, maxfail 0, lcp-echo-interval 30 ndi lcp-echo-failure 4 kuti iziyimbanso yokha. Dziwani kuti echo imeneyi amayankha ndi modemu, choncho pamafunikanso ka script kopinga kunja n'kuzimitsa modemu ikakhala duu.

Chinanso, poti mvula ya kuno imabwera ndi mphenzi: RS-232 siyenera kupitirira mamita 15, ndipo musaikoke kuchoka nyumba ina kupita ina kapena kuchoka pa thanki kupita ku ofesi. Kusiyana kwa earth kumadutsa pa pini 5 n'kupsereza mbali zonse ziwiri. Mtunda wautali umafuna RS-485 yokhala ndi isolation.

Tumizani log yonse ya debug kuyambira mzere woyamba wa chat, mayankho a AT+CSQ, AT+CREG? ndi AT+COPS?, voteji imene multimeter ikuwerenga pa modemu panthawi yoyimba, ndi chithunzi cha mawaya. Fufutani IMEI, nambala ya SIM ndi password musanaponye pagulu.