Tifunseni: Kodi maphunziro a CNA ku America amadya ndalama zingati?

Akonzi, ndangofika kumene ku Indiana ndipo aliyense akundiuza kuti ndichite CNA. Sukulu ina ikuti $900, ina ikuti $1,500. Mtengo weniweni ndi uti? (Mayi wa ku Indiana)

Mayi, mitengo iwiriyo ndi yotheka, koma palibe umene ukukuuzani zonse. CNA ndi wothandizira anamwino amene dzina lake lalowa m'kaundula wa boma la chigawo chomwe akugwiramo ntchito. Amasambitsa, kudyetsa, kuveka ndi kutembenuza okalamba ndi odwala, komanso kuwayeza BP ndi kutentha kwa thupi. Fizi ya sukulu kawirikawiri imakhala pakati pa $600 ndi $2,000, ndipo makoleji a boma a m'madera ndiwo amakonda kutsikirako mtengo.

Kusiyana kumayambira pa maola. Lamulo la boma lalikulu la 1987, lotchedwa OBRA, linati maphunzirowa asachepere maola 75, ndipo 16 mwa maolawo akhale ophunzira ndi manja namwino ali pomwepo. Chigawo chilichonse chili ndi ufulu wowonjezera. Indiana imafuna maola 105, ndiye kuti 30 m'kalasi ndi 75 pa odwala. Texas imafuna 100, Florida 120, California 160.

Tsono musanalipire, auzeni a sukulu akulembereni papepala zimene zili mkati mwa fiziyo. Ndalama ya mayeso a boma, yomwe imakhala cha m'ma $100 kapena kupitirirako, sukulu zina zimaiphatikiza ndipo zina ayi. Palinso kufufuza mbiri ya milandu ndi zidindo za zala, kupimidwa ndi dokotala, kosi ya CPR (kutsitsimutsa munthu amene mtima kapena kupuma kwaima) yomwe khadi lake limatha pakapita zaka ziwiri, buku, yunifolomu ziwiri, nsapato zotseka zosaterera, wotchi yowerenga masekondi ndi lamba wogwirira wodwala poyenda. Zinthu zing'onozing'onozi zikaunjikana zimafika madola mazana angapo. N'kutheka kuti sukulu ya $1,500 yakuwerengerani kale zonsezi pomwe ya $900 yakusiyirani kuti mudzionere nokha.

Pa TB pokha tichedwepo. Sukulu zambiri zimafuna kuyeza kwa pakhungu, kaja amabaya kamankhwala pamkono n'kukuuzani kuti mubwerenso pakapita maola 48 mpaka 72, ndipo nthawi zambiri amayeza kawiri. Ngati munabayidwa katemera wa BCG muli khanda, chipsera chija cha pamkono, khungu likhoza kutupa ngakhale mulibe TB, n'kutumizidwa kukajambulitsa pachifuwa, ndalama inanso ndi masiku otayika. Funsani poyamba pomwe ngati amalola kuyeza magazi kwa QuantiFERON kapena T-SPOT. Kumakwera mtengo, inde, koma mumapita kamodzi ndipo BCG sakusokoneza.

Ndalama imene anthu amaiwala kuwerengera ndi ya masiku amene sakugwira ntchito. Kosi imatenga masabata 4 mpaka 12, ndipo maola a pa odwala sajombedwa. Mukaphonya tsiku muyenera kulibweza, ndipo sukulu zina zimalipiritsa tsiku lobwezalo.

Ndamva kuti nyumba zosamalira okalamba zimaphunzitsa ulere. Ndi zoona, kapena pali msampha? (Bambo wa ku Texas)

Ndi zoona, Bambo, ndipo si chifundo chawo ayi, ndi lamulo. Malamulo a boma lalikulu, pa 42 CFR 483.152, amati munthu amene walembedwa ntchito, kapena walonjezedwa ntchito, ndi nyumba yosamalira okalamba pa tsiku limene akuyamba maphunziro, asalipiritsidwe gawo lililonse la maphunzirowo, ngakhale mabuku. Mayeso nawonso chimodzimodzi. Mawu ofunika apa ndi akuti pa tsiku loyamba maphunziro. Choncho ife timati yambani ndi kufunsira ntchito, sukulu ibwere pambuyo. Anthu ambiri amachita mosemphanitsa: amakongola ndalama, kulipira sukulu, kenako n'kukapeza kuti nyumba yomwe yawalemba ntchito ili ndi kalasi yakeyake.

Amene munalipira kale musataye mtima. Lamulo lomwelo limati mukalembedwa ntchito ndi nyumba yotereyi pasanathe miyezi 12 chimalizireni maphunziro, boma la chigawo lionetsetse kuti mwabwezeredwa ndalama zanu, pang'onopang'ono malinga ndi nthawi imene mukugwira ntchitoyo. M'zigawo zambiri pepala lopemphera ndalamayi limadzera kwa olemba ntchito, ndipo si onse amene amakumbutsa antchito awo. Sungani lisiti lililonse, ndipo likhale m'dzina lanu. Ngati m'bale wanu ndiye akukulipirirani, akupatseni ndalamayo mukalipire nokha, chifukwa lisiti la dzina lina limavuta kulondola.

Msampha ulipo pawiri. Poyamba, lamuloli limakhudza nyumba zosamalira okalamba zomwe zimalandira ndalama za Medicare kapena Medicaid, inshuwalansi za boma za zaumoyo. Chipatala, kampani yotumiza antchito m'makomo, kapena nyumba yomwe okalamba amangothandizidwa zochepa, sizimangidwa nalo, ndipo zikhoza kukusainitsani kuti mukachoka chaka chisanathe mubweze fizi. Kachiwiri, nyumba ya okalamba ikakupatsani mgwirizano wa mtundu womwewo, musafulumire kusaina. Funsani ku ofesi ya chigawo yoyang'anira kaundula wa ma CNA, poti lamulo likuti simuyenera kulipira gawo lililonse.

Dziwaninso kuti nyumbayo singakugwiritseni ntchito ya wothandizira anamwino kupitirira miyezi inayi musanakhoze mayeso. Kalendala imayamba kuyenda tsiku limene mwayamba ntchito.

Kwa amene sanapeze nyumba yowaphunzitsa, ofesi za American Job Center zimalipirira maphunziro ena kudzera mu lamulo la WIOA la 2014, koma muyenera kuvomerezedwa musanalembetse sukulu. Achinyamata a zaka 16 mpaka 24 ochokera m'mabanja osowa angayese Job Corps, pulogalamu ya boma yophunzitsa ntchito. Pell Grant, ndalama ya boma lalikulu yothandiza pa fizi, musaidalire kwenikweni: kwa zaka zambiri yakhala ikufuna kosi ya maola osachepera 600, pomwe ya CNA ndi yaifupi kwambiri.

Ndinakhoza mayeso olemba koma ndinalephera a manja. Kodi ndiyambirenso sukulu? (Mtsikana wa ku Virginia)

Ayi, Chemwali. Lamulo limakupatsani mwayi wosachepera katatu, ndipo m'zigawo zambiri mumabwereza gawo lokhalo limene mwalephera, n'kulipira la gawolo basi. Mukalephera maulendo onse, kapena nthawi imene chigawo chinaika ikadutsa, apo ndiye mumabwerera m'kalasi ndi fizi yatsopano. Nthawiyo m'zigawo zambiri ndi miyezi 24 chimalizireni kosi, kwina ndi 12.

Mayesowa amayendetsedwa ndi makampani monga Credentia, Prometric ndi Headmaster, ndipo iliyonse ili ndi kabuku kofotokoza ntchito iliyonse sitepe ndi sitepe. Kabukuko ndi kaulere pa intaneti, ndipo woyesa amakhala atagwira mndandanda womwewo. Pa mayeso a NNAAP, omwe amayendetsedwa ndi Credentia, mumapatsidwa ntchito zisanu, imodzi mwa izo ndi kusamba m'manja nthawi zonse. Mumapaka sopo masekondi osachepera 20, zala zitaloza pansi, ndipo mpopi mumatseka ndi pepala louma. Mukaugwira ndi dzanja, mwadziipitsanso.

Anthu sagwa pa zovuta. Amagwa chifukwa chosamanga mabuleki a chikuku asanamuimiritse wodwala, kusiya bedi lili m'mwamba, kapena kutuluka belu loitanira lili kutali ndi dzanja la wodwala. Poveka munthu wofooka mbali imodzi, mkono wofookawo ndiwo umayamba kulowa m'malaya, ndipo povula mumayamba ndi wamphamvu. Pa zoyeza, nambala yanu iyenera kuyandikana ndi ya woyesa: kugunda kwa mtima kusasiyane kupitirira 4, kupuma 2, BP 8, ndipo mkodzo mamililita 25. Poyeza mkodzo ikani chikho pamalo athyathyathya, muwerame mpaka maso afanane ndi mzere. Kuwerenga chikho chili m'manja n'kumene kumaphonyetsa.

Yesererani kunyumba mokweza mawu, wina atagona pabedi ndipo wina atagwira kabuku. Mukazindikira kuti mwadumpha sitepe, muuzeni woyesa nthawi yomweyo musananene kuti mwamaliza, poti masitepe ambiri amalola kukonza. Ngati kuwerenga Chingerezi mwachangu kumakuvutani, lamulo limalola mayeso omvetsera m'malo mwa olemba, koma muyenera kupempha polembetsa.

Ndili kumudzi kuno ndipo ndaona pa Facebook kosi ya CNA ya pa intaneti. Akuti ndikamaliza andipezera ntchito ku America. Ndilipire? (Mnyamata wofuna kupita kunja)

Musalipire, Achimwene. Zigawo zina zimalola kuti gawo la m'kalasi lichitike pa intaneti, koma maola a manja amafuna inuyo mukhalepo, namwino akukuonani. Sukuluyo iyeneranso kukhala pa mndandanda wa zovomerezeka ndi chigawo, womwe umapezeka pa tsamba la boma la chigawocho, kawirikawiri la dipatimenti ya zaumoyo kapena la bungwe la anamwino. Satifiketi ya sukulu yomwe palibe pamndandandawo siikulowetsani m'kaundula, ngakhale itakongola bwanji.

Komanso satifiketi si chilolezo chogwira ntchito. Viza ya H-1B ndi ya ntchito zofuna digiri, ndipo CNA siili m'gulu limenelo. Viza ina ya antchito, ya EB-3, imayamba ndi wolemba ntchito weniweni ndipo imatenga zaka. Zigawo zambiri zimafunanso nambala ya Social Security polembetsa mayeso. Munthu amene akulonjeza satifiketi ndi ntchito pamodzi, ndalama zili patsogolo, akugulitsani mphepo.

Ndinasiya ntchito nditabereka, tsopano ndikusamukira ku Maryland. Satifiketi yanga ikadagwira? (Mayi wa ana awiri)

Werengani miyezi, Mayi. Mukatha miyezi 24 yotsatizana osagwira ntchito yolipidwa yosamalira odwala, dzina lanu limachotsedwa m'kaundula, ndipo mumayenera kulembanso mayeso kapena kubwereza kosi yonse, malinga ndi chigawo. M'zigawo zambiri maola 8 okha olipidwa m'miyezi imeneyo amakwana, choncho ngati nthawi sinathe, pezani shifiti imodzi ndipo musunge pepala la malipiro.

Posamuka mumapempha kuti chigawo chatsopano chivomereze satifiketi yanu, ndipo zimenezi zimayenda ngati dzina lanu likadali lamoyo m'kaundula wakale komanso lopanda mlandu wozunza, kunyalanyaza kapena kubera wodwala. Ku Maryland zimenezi zimadzera ku bungwe la anamwino la chigawocho. Yambani kulemba mapepalawo musananyamuke, chifukwa kutsimikizira kochokera ku chigawo chakale ndi zidindo za zala zatsopano zimatenga masabata, ndipo masabata amenewo mumakhala opanda malipiro.