Mwafunsa, Tayankha: Nyimbo za m'mafilimu akale

Funso: A Mkonzi, pakhomo pathu pabuka mkangano umene ndikupempha kuti mutiweruze. Ine ndinakula ndikuonera filimu ya ku India yotchedwa Disco Dancer m'tinyumba toonetsera vidiyo pa Luchenza pano, ndipo nyimbo zake sindinaziiwale mpaka lero. Tsopano mwana wanga akuti mnyamata wovina uja sankaimba yekha, ankangoyendetsa milomo. Kodi zimenezi n'zoona? (Bambo wa ku Luchenza, Thyolo)

Yankho: Bambo, pa mlandu uwu mwana wanu ndiye wakhoza. Disco Dancer inatuluka m'chaka cha 1982, ndipo amene anasewera ngati Jimmy ndi Mithun Chakraborty, koma nyimbo zake anapeka ndi Bappi Lahiri, pamene mawu amene mumamva m'nyimbo ya "I Am a Disco Dancer" ndi a Vijay Benedict. Nayonso nyimbo ija ya "Jimmy Jimmy" anaimba ndi Parvati Khan, osati mtsikana amene amaoneka akuvina pa kanema.

Ku India zimenezi sazitenga ngati chinyengo, chifukwa ndi mmene ntchitoyo imagwiridwira ndipo aliyense amadziwa. Nyimbo imayamba yajambulidwa mu situdiyo, kenaka pa tsiku lojambula zithunzi amaiika pa zokuzira mawu, ndipo wosewerayo amavina uku akutsatira ndi milomo, pakuti munthu sangadumphe ndi kupotokola chiuno chotero mawu ake n'kukhalabe osalala. Oimba akuseriwa amalembedwa maina ndipo amalemekezedwa kwambiri, moti Lata Mangeshkar, yemwe anamwalira mu 2022 ali ndi zaka 92, anatchuka kuposa akazi ambiri amene ankawaimbira. Amene ankabisa ndi a ku Hollywood. Mayi wina wotchedwa Marni Nixon anaimbira Deborah Kerr mu The King and I (1956), Natalie Wood mu West Side Story (1961) komanso Audrey Hepburn mu My Fair Lady (1964), koma dzina lake silinalembedwe pa mafilimuwo. Kwa ife, njira ya Amwenye ndiyo ya chilungamo.

Funso: Ndimaphunzitsa kwaya ya ana kutchalitchi kwathu, ndipo nyimbo ya "Do-Re-Mi" ya mu The Sound of Music imandithandiza kwambiri. Kodi kaphunzitsidwe kameneka kanayamba ndi filimuyi? Ndamvanso kuti "Edelweiss" ndi nyimbo ya fuko la Austria, ndiponso kuti nkhani yonse ya m'filimuyi inachitikadi. (Mayi wa ku Chitakale, Mulanje)

Yankho: Mayi, do re mi ndi wamkulu kutalitali poyerekeza ndi filimuyi, yomwe inatuluka mu 1965. Chiyambi chake chili kwa mmonke wa ku Italy, Guido wa ku Arezzo, amene m'zaka za m'ma 1000 anapatsa maina makwerero a mawu kuti oimba m'tchalitchi asamavutike kuloweza. M'zaka za m'ma 1800, Sarah Glover ndi John Curwen a ku England anakonza njirayi kuti anthu wamba aziimba popanda kuwerenga manotsi a pamizere, ndipo ndi imeneyo imene amishonale anabwera nayo kuno, n'chifukwa chake makwaya athu anaidziwa Julie Andrews, amene amaimba nyimboyi m'filimuyi, asanabadwe n'komwe. Chimene Richard Rodgers ndi Oscar Hammerstein II, amene anapeka nyimboyi, anachita n'kusandutsa phunzirolo kukhala nyimbo yokoma, ndipo pamenepo anakhozadi, choncho pitirizani kuigwiritsa ntchito.

Za "Edelweiss" ndiye mwanamizidwa, ngakhale kuti si inu nokha. Nyimboyi, yomwe imanena za kaduwa koyera ka m'mapiri a Alps, anthu awiri omwewa anaipekera sewero la pa siteji la The Sound of Music limene linayamba kuonetsedwa ku New York mu 1959, ndipo ndiyo yomaliza imene Hammerstein analemba asanamwalire mu 1960. Si nyimbo ya fuko, ndiponso si ya makolo a ku Austria. Mwana wa bambo a ku Luchenza aja akondwanso kumva kuti mawu amene amamveka m'nyimboyi si a Christopher Plummer, amene anasewera ngati Kaputeni von Trapp, koma a woimba wina, Bill Lee.

Banja la von Trapp linalikodi ku Salzburg, mzinda wa ku Austria, ndipo linkaimbadi, koma opanga filimu anakometsera zambiri. Maria, mayi wophunzitsa ana kuimba uja, anakwatiwa ndi Kaputeniyo mu 1927, zaka 11 Hitler asanalande Austria, osati m'masiku omwewo a chipwirikiti monga filimu ikuonetsera. Pochoka mu 1938 sanakwere phiri wapansi kupita ku Switzerland ayi, anakwera sitima yapamtunda kulowera ku Italy, ndipo pambuyo pake anakakhazikika ku Vermont, ku America. Inu amene mumadzuka mukuona phiri tsiku ndi tsiku mukudziwa kuti kulidutsa ndi gulu la ana ndi katundu si nkhani yoimbira nyimbo, ndipo choseketsa n'chakuti mapiri a pafupi ndi Salzburg akanawatsitsira ku Germany komwe ankakuthawako.

Funso: Amayi anga amakonda Sarafina!, koma ine zimandidabwitsa kuti anthu akuphedwa, ena n'kumaimba ndi kuvina. Kodi kumeneku si kupeputsa nkhani yachisoni? (Wophunzira wa Fomu 4, Bvumbwe, Thyolo)

Yankho: Mwana wathu, funso lako ndi lanzeru, ndipo pali akuluakulu ena odziwa za mafilimu amene anadandaulanso zomwezo. Komabe ife tili kumbali ya amayi ako. Sarafina! inayamba ngati sewero la Mbongeni Ngema ku Market Theatre mu Johannesburg mu 1987, Nelson Mandela akadali m'ndende, ndipo ina mwa nyimbo zake anathandiza kupeka ndi Hugh Masekela. Filimu inatsatira mu 1992, muli Leleti Khumalo, Whoopi Goldberg ngati mphunzitsi ndi Miriam Makeba ngati mayi wa Sarafina. Muzu wa nkhaniyo ndi kuukira kwa ana asukulu a ku Soweto kumene kunayamba pa 16 June 1976, pokana kuphunzitsidwa m'chiyankhulo cha Afrikaans.

Nyimbo m'filimuyi sizinangomatidwapo, chifukwa pa zionetsero ndi pa maliro a nthawi ya tsankho anthu ankaimbadi, ndipo nyimbo ndi imene inkalimbitsa mtima khamu lopanda mfuti. Ukumbukirenso nthano za agogo, kuti pamene mwana wamasiye wafika pa chisoni chosaneneka, wokamba nthano amasiya kulankhula n'kuyambitsa nyimbo, enanu n'kumavomera. Mafilimu oimba amayenda m'njira yomweyo. Chokhacho chimene tingawauze amayi ako n'chakuti zigawo za kundende, mmene apolisi akuzunza ana, n'zowawa kwambiri, kotero azing'ono ako asaonere okha popanda wamkulu wowafotokozera.